Mapepala a ku Macha ndi ntchito imene yakutsalirani

Ana anga a kuno ku Roma mu Lusaka, ndi inu a ku Ng'ombe, Kalundu ndi Chelstone amene m'mawa uliwonse mumakhamukira ku yunivesite pa Great East Road, ndili ndi nkhani imene ndikufuna muimve ine mpweya ndikadali nawo. Ndi nkhani ya mapepala. Ndikudziwa kuti kwa munthu wa zaka 20 pepala lofiirira lonunkha nkhungu ndi chinthu chogwetsa ulesi. Komabe dekhani pang'ono, pakuti m'mapepala amenewo muli agogo anu, ndipo ambiri mwa mapepalawo ali kutsidya la nyanja.

Ndiyambire pa mpingo umene ife a kum'mawa sitiudziwa kwenikweni. Mu 1525, mumzinda wa Zürich ku Switzerland, kagulu ka Akhristu kanayamba kubatizana ali akuluakulu, ponena kuti ubatizo ndi wa munthu amene wavomera yekha ndi pakamwa pake. Ambiri a iwo anakananso kugwira lupanga ndi kulumbira. Chifukwa cha zimenezi ena anamizidwa m'mitsinje, ena anawotchedwa. Patapita zaka pang'ono wansembe wina wa ku Netherlands, Menno Simons, analowa m'gululi nakhala mtsogoleri wake, ndipo dzina lake ndi limene linatsalira: a Mennonite. Kwa zaka mazana atatu anthu amenewa ankangothawa, kuchoka dziko ili kupita lina, kufikira ena anakakhazikika ku Russia, ena ku America. Mu 1851 m'pamene anatumiza mmishonale wawo woyamba kunja, Pieter Jansz, amene anapita ku chilumba cha Java. Kenaka anafika ku Dhamtari ku India mu 1899, ku Congo, ndi ku Shirati m'mbali mwa nyanja ya Victoria ku Tanganyika mu 1934.

Kuno kwathu anafika kudzera mwa abale awo, mpingo wa Brethren in Christ, umene unaphuka ku Pennsylvania cha m'ma 1780 pakati pa anthu a magazi ndi chikhulupiriro cha chi-Mennonite, ndipo mpaka lero uli m'banja limodzi la Mennonite World Conference. Pa msonkhano wawo waukulu wa 1894 ku Kansas, mayi wina dzina lake Rhoda Lee anawerenga pepala lodandaula kuti mpingo sukutumiza aliyense kunja. Bambo wina, Jacob Stauffer, anaika madola 5 patebulo kuti thumba liyambike. Kumapeto kwa 1897 kagulu kakang'ono kanakwera sitima ya pamadzi ku New York, motsogozedwa ndi Jesse Engle, ndipo mu 1898 kanamanga mishoni m'mapiri a Matopo kufupi ndi Bulawayo. Engle sanakhalitse, anamwalira mu 1900. M'kagulu kameneko munali mphunzitsi wa pakoleji, Hannah Frances Davidson, mayi wophunzira kwambiri ndi wolimba mtima. Mu 1906 iye ndi mnzake Adda Engle anawoloka Zambezi, chaka chimodzi chokha mlatho wa pa Victoria Falls utatha kumangidwa, nayenda pa ngolo ya ng'ombe mpaka kwa Mfumu Macha pakati pa Atonga, makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Choma. Sanali okha. Anatsagana ndi anyamata awiri Achindebele, Ndhlalambi Moyo ndi Gomo Sibanda.

Taimani pamenepa, ana anga, muone chinthu chimene chinandisowetsa tulo nditachizindikira. Tikudziwa dzina la munthu amene anapereka ndalama yoyamba ku Kansas, tikudziwanso kuti inali madola 5. Tikudziwa chifukwa panali mlembi amene analemba, ndipo panalinso wina amene anasunga cholembedwacho. Nanga za Moyo ndi Sibanda, amene anasiya kwawo nakakhala pakati pa anthu a chilankhulo china, zambiri zimene tingawerenge zinalembedwa ndi ena, m'Chingerezi, polembera anthu a ku America. Nanga amayi amene ankatunga madzi oumbira njerwa zoyamba? Nanga makolo amene analola mwana kusiya ng'ombe kubusa kuti akaphunzire afabeti? Amenewo m'mapepala amangodutsa ngati gulu, opanda maina.

Davidson analemba buku lalikulu, South and South Central Africa, limene linatuluka mu 1915. Ankalembanso buku lake la tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Amishonale ankatumiza makalata ku nyuzipepala ya mpingo wawo, Evangelical Visitor, imene inayamba mu 1887. Zonsezi, pamodzi ndi zithunzi ndi malipoti, zikusungidwa ku nyumba ya mbiri ya mpingowu pa Messiah University ku Pennsylvania. Zolemba za mabungwe ena a mishoni a Mennonite zili ku Elkhart ku Indiana ndi ku Bethel College ku Kansas. Bungwe lawo lothandiza anthu, Mennonite Central Committee, limene linayamba mu 1920 pofuna kudyetsa ovutika ndi njala ku Russia ndi Ukraine, lili ndi likulu ku Akron, ku Pennsylvania komweko. Kuyambira mu 1962 bungweli linkatumiza aphunzitsi achinyamata m'masukulu a sekondale a mu Africa, Zambia ndi Malawi ali momwemo. Aphunzitsi amenewo ankalembera kwawo, ndipo m'zolemba zotere mumapezeka masukulu amene makolo anu anaphunzirako.

Ndamva achinyamata ena akupsa mtima akamva zimenezi, akuti azungu anatibera mbiri. Mkwiyowo ndimaumvetsa, koma sindiuvomereza wonse. Kalata imene munthu analembera bungwe lomutuma ndi ya bungwelo, ndipo akanapanda kuisunga bwenzi lero tilibe ngakhale dzina la Gomo Sibanda. A Mennonite ndi abale awo ali ndi mwambo wosunga zolemba umene unayamba kale, nthawi imene makalata a omangidwa ndi ophedwa ankasungidwa ngati chuma cha mpingo. Ine ndimawathokoza. Chimene chimandipweteka n'chakuti mbali yathu ya nkhaniyi, imene inali m'manja mwathu, ndi imene ikutha. Kaundula wa ubatizo, buku la maminitsi, kalata ya mlaliki wa kumudzi yopempha choko ndi masileti, zimenezi zinatsala kuno, ndipo zikudyedwa ndi chiswe kuno.

Tsono langizo langa loyamba n'lakuti werengani zimene amishonale analemba. Musazitaye chifukwa muli mawu onyoza, pakuti alimodi, ndipo ena adzakulasani mumtima. Nyuzipepala zakale za Evangelical Visitor zinaikidwa pa intaneti, ndipo pali buku lalikulu la mbiri ya a Mennonite lotchedwa GAMEO limene aliyense angatsegule pa foni. Koma powerenga muzifunsa nthawi zonse kuti wolembayu akulembera yani, ndipo akufuna chiyani kwa womuwerengayo. Kalata yopita ku nyuzipepala ya mpingo inkawerengedwa ndi alimi amene ankasonkha ndalama. Wolemba ankayenera kuonetsa kuti mdima ndi waukulu, kuti anthu apereke, komanso kuti kuwala kukupambana, kuti asatope kupereka. Sindikunena kuti ankanama. Ndikunena kuti munthu amasankha zonena poona amene ali patsogolo pake. N'chifukwa chake buku la tsiku ndi tsiku la Davidson ndi lamtengo wapatali kuposa buku lake losindikizidwa. Mmenemo muli kusungulumwa kwake, muli kusamvana kwake ndi amishonale aamuna amene zinkawavuta kutsogoleredwa ndi mkazi. Mayi amene anayambitsa Macha anachoka mu Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 mtima uli wosweka, ndipo anamwalira ku America mu 1935. Wolemba mbiri wa mpingowu, E. Morris Sider, ndiye anathandiza kuti anthu amve mawu a m'buku lobisikalo. Ngati mzungu wophunzira anatsala pang'ono kumizidwa m'malipoti a mpingo wake womwe, ganizirani za mlaliki wachitonga.

Muziwerenganso ndi mapu ndi kalendala pambali. Mapepala amanena kuti malo a mishoni ya Matopo, maekala 3,000, anaperekedwa ndi Cecil Rhodes. Mawu oti anaperekedwa ndi osavuta kuwadutsa. Koma chaka chinali 1898, patangopita zaka ziwiri Andebele atamenya nkhondo yawo ya 1896 m'mapiri omwewo. Malowo anali ndi eni ake, ndipo woperekayo anawatenga ndi mfuti. Ife a kum'mawa tisaone ngati ndi nkhani ya kutali. M'chaka chomwecho cha 1898 Angoni a Mpezeni anagonjetsedwa, mwana wake Nsingo anawomberedwa, ndipo mu 1899 amishonale a Dutch Reformed anafika pa Magwero. Uthenga unali wabwino, anthu ambiri amene anaubweretsa anali oona mtima, ena anasiya mafupa awo kuno, monga Myron Taylor wa ku mishoni ya Sikalongo amene anafa atavulazidwa ndi mkango mu 1931. Koma njira imene anadzera inalambulidwa ndi nkhondo. Wolemba mbiri wokhwima amagwira zonse ziwiri m'manja, sataya chimodzi kuti chinzake chimupepukire.

Ndatchula Magwero dala, kuti mudziwe kuti nkhani ya Macha ndi yathunso. Makalata ambiri a amishonale a ku Magwero, Madzimoyo, Mvera ndi Nkhoma anapita ku South Africa, ndipo wofuna kuwawerenga amalunjika ku Stellenbosch, atakonzeka kulimbana ndi Chidatchi ndi Chiafrikaans. Pafupi pompano ku Chamba Valley pali sukulu ya zaubusa yotchedwa dzina la Justo Mwale, amene anadzozedwa mu 1929. Dzifunseni kuti mwa inu ndi angati angafotokoze moyo wa munthu ameneyu kwa mphindi zisanu. Ndipo musaganize kuti boma ndiye linga losagumuka. Mu 1919 moto unatentha maofesi a boma ku Zomba, ndipo zolemba zambiri za zaka zoyambirira za Nyasaland zinapsera momwemo. Pepala limene lili malo amodzi okha lili pa ngozi, kaya malowo ndi a mpingo kaya a boma.

Alipo amene anatitsogolera pa njira imene ndikukulozeraniyi. Ku Tanzania, Zedekia Kisare, amene mu 1967 anakhala bishopu woyamba wachikuda wa a Mennonite kumeneko, anakhala pansi ndi Joseph Shenk nafotokoza moyo wake, ndipo buku linatuluka mu 1984. Mmenemo munthu amamva mishoni monga inkaonekera kwa woima panja pa khonde la mzungu. Mu 2003, pamene a Mennonite a dziko lonse anasonkhana ku Bulawayo, panatuluka buku la mbiri ya mipingo yawo ya mu Africa lolembedwa ndi eni ake a ku Africa, ndipo mwa olemba za chigawo chathu chino munali amayi a ku Zimbabwe, Barbara Nkala ndi Doris Dube. Ku Malawi Samuel Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, anayenda kufunsa akuluakulu nalemba Mbiri ya Achewa. Sanadikire kuti katswiri abwere kuchokera kunja. Ndipo pali nthawi zina pamene mbiri imakhala m'kamwa mokha. Ku Ethiopia boma la Derg linatseka mpingo wa Meserete Kristos mu 1982 uli ndi anthu pafupifupi 5,000. Anthu anayamba kupemphera mobisa m'nyumba, ndipo pofika 1991 anali oposa 30,000. Mpingo wobisala sulemba maina a anthu ake poyera. Zaka zotere zimapulumuka pokhapokha wina atafunsa amene anaziona asanamwalire.

Choncho pitani kwa okalamba, ndipo pitani chaka chino. Amene anaona chipatala cha Macha chikutsegulidwa mu 1957 m'masiku a Dr Alvan Thuma, amene anali m'makalasi oyamba a Choma Secondary School, amene analipo pamene William Silungwe anakhala bishopu woyamba wa ku Zambia wa mpingo wa Brethren in Christ mu 1978, ambiri ali ndi zaka zopitirira 70, ndipo ena akukhala kwa ana awo muno mu Lusaka, ku Kabwata, ku Woodlands, mwina kuseri kwa mpanda wa nyumba yanu yomwe. N'chimodzimodzi ndi agogo a Reformed, a Katolika, a Anglican, a Zion. Koma kufunsa wamkulu kuli ndi mwambo wake. Musafike ndi pepala la mafunso 30 ngati a kalembera. Pitani ndi kashuga m'manja, perekani moni wokwanira, nenani kuti ndinu mwana wa yani, ndipo ulendo woyamba mungathe kubwerako osajambula kanthu. Pemphani chilolezo musanatsegule foni, ndipo muwauze kumene mawu awo adzapite. Alekeni alankhule chilankhulo chimene amalota nacho. Ngati ndi Chitonga ndipo inu simuchimva, tengani mnzanu wochimva, koma mawu ajambulidwe monga atulukira, kumasulira kubwere pambuyo. Akasokoneza chaka musawadule pakamwa ndi buku lanu. Okalamba sawerenga zaka ndi manambala, amati chaka cha dzombe, chaka cha Federation, chaka chimene njanji ya TAZARA inkamangidwa, ndipo ntchito yanu ndi kukalumikiza zimenezo kunyumba. Agogo aakazi muwafunse paokha. Pamaso pa amuna awo adzakuuzani kuti bambo ndiwo akudziwa, koma mukakhala nawo kukhitchini mudzamva amene ankaphikira misonkhano, amene anayambitsa kwaya, ndi chifukwa chenicheni chimene mpingo wakutiwakuti unagawanikira. Funso limene ndaliona likutsegula mitima ndi ili: "Agogo, anakuphunzitsani kuwerenga ndani?" Pamenepo pamatuluka dzina la mphunzitsi wa kumudzi limene silili m'buku lililonse.

Tibwere ku mabuku a m'tchalitchi mwanu. Pa mpingo wina umene ndinkasonkhanako, anthu a mtima wabwino anakonza chipinda cha kuseri poyembekezera mbusa watsopano. Makatoni akale anawatulutsa, nawatentha pamodzi ndi zinyalala, kuti abusa apeze paukhondo. Munali kaundula wa ubatizo ndi maukwati wa zaka zambiri. Palibe amene anali ndi cholinga choipa, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imandiwawa mpaka lero. Mapepala athu ambiri satha ndi adani, amatha ndi tsache, denga lodontha, makoswe, ndi mlembi amene anasamuka ndi buku la mpingo m'sutikesi mwake, ana ake n'kudzakulungira mandasi.

Inu muli ndi chida chimene ife tinalibe. Foni imene ili m'thumba mwanuyo ingapulumutse buku lonse masana amodzi. Yambani mwapempha abusa ndi akulu a mpingo, ndipo bukulo lisachoke pamalo pake. Jambulani pa kuwala kwa dzuwa koma pamthunzi, kuyambira chikuto, tsamba lililonse motsatana, ngakhale lopanda kanthu, kuti wodzaona adziwe kuti simunadumphe. Zithunzizo muzipatse dzina la mpingo, mtundu wa buku ndi zaka zake, chifukwa chithunzi chopanda dzina chimasochera pakati pa zithunzi za ukwati ndi za mpira. Musunge malo atatu osiyana, ndipo amodzi akhale kunja kwa nyumba yanu. Tsamba long'ambika musalimate ndi selotepi, imasanduka yachikasu n'kudya inki. Musalipititse kokamata pulasitiki yotentha ija, pakuti likalowamo silitulukanso. Chotsani mapini a dzimbiri, ikani mabuku m'katoni youma pamwamba pa shelefu, kutali ndi khoma ndi simenti ya pansi. Kuseri kwa chithunzi chakale lembani ndi pensulo maina a onse amene agogo akuwazindikira, lero lomwe, iwo akadaona.

Pali mabuku ena ofunika kuwagwira ndi mantha, ndiwo a milandu ya mpingo. Mmenemo muli amene anaimitsidwa pa mgonero chifukwa cha mowa, mitala, kapena mimba ya pathengo. Kwa wolemba mbiri ndi chuma, chifukwa amaonetsa pamene chikhulupiriro chatsopano chinkagundana ndi moyo wa m'mudzi. Koma anthu amenewo ali ndi ana ndi adzukulu amene mumakhala nawo benchi imodzi Lamulungu. Tsamba lotere lisapite pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp, ngakhale mutaona kuti ndi lochititsa chidwi chotani. Lisungeni, lembani za mchitidwewo osatchula maina, ndipo lolani akulu a mpingo agamule amene angaliwerenge. Mukangochititsa banja limodzi manyazi, makabati onse a m'dera lanu adzatsekedwa, ndipo odzabwera pambuyo panu adzapeza zitseko zokhoma.

Musaiwalenso za lero. Ndimaona makomiti a achinyamata akugwirizana zinthu zazikulu pa WhatsApp, foni n'kubedwa pa basi ya ku Kulima Tower, zonse n'kuthera pomwepo. M'badwo wa agogo anu unasiya mabuku ochepa, koma wanu ungathe kusiya ochepa kuposa pamenepo ngakhale mumalemba tsiku lonse. Maminitsi a msonkhano asindikizidwe pa pepala, asainidwe, aikidwe m'faelo. Pulogalamu ya maliro a mkulu wa mpingo, imene ili ndi mbiri ya moyo wake, isatayidwe pa manda. Kope imodzi ilowe m'katoni ya mpingo.

Tsiku lina kwerani basi mupite ku National Archives of Zambia pa Government Road ku Ridgeway. Ambiri a inu mwadutsapo osadziwa kuti mkatimo muli mabuku amene mabwanamkubwa a maboma ankalembamo za mafumu, misonkho, masukulu ndi mishoni za m'dera lililonse. Funsaninso kabuku kamene Marja Hinfelaar ndi Giacomo Macola anatulutsa mu 2004, kolozera zolemba zimene zili m'manja mwa mipingo ndi mabungwe osakhala a boma m'dziko muno. Laibulale ya yunivesite yanu ili ndi chipinda cha mabuku osowa a za Zambia. Mukaika lipoti la bwanamkubwa, kalata ya mmishonale ndi mawu a agogo pa tebulo limodzi, mudzaona pamene akugwirizana ndi pamene akutsutsana, ndipo pamene akutsutsanapo m'pamene pali ntchito yanu.

Za mapepala a kutsidya kwa nyanja, musachite manyazi kuwalembera osunga ake. Lembani kalata yaifupi yaulemu, nenani kuti ndinu ndani, tchulani mishoni, zaka ndi dzina la munthu amene mukumufuna. Funso lolunjika limayankhidwa msanga kuposa pempho loti nditumizireni zonse za Zambia. Ndipo musapite ngati wopemphetsa. Iwo ali ndi zithunzi zambiri za anthu athu zimene pansi pake panalembedwa dzina la mmishonale yekha, ena onse n'kungotchedwa gulu la ophunzira kapena antchito a pa mishoni. Maina amenewo ali kuno, m'mitu ya okalamba a ku Macha, Sikalongo ndi Choma. Pemphani makope a zithunzizo, muwasindikize pa pepala lalikulu loti maso okalamba aone, mupite nawo kumudzi pa tchuthi. Maina amene mudzapeze muwalembe kawiri, mndandanda umodzi utsale ku mpingo wa kumudziko, wina mubwezere ku Pennsylvania kuti ukalembedwe pansi pa chithunzicho.